Zithunzi zikasowa, khadiyo isiyeni kaye

Ndangomva wina akudandaula kuti zithunzi zonse za ukwati zasowa pa memori khadi, chonsecho akupitiriza kujambula ndi khadi yomweyo. Zikundiwawa, anzanga, chifukwa zinthu zimaonongekera pamenepa. Fayilo ikafufutidwa imakhala idakalipo, makina amangoona malo ake ngati opanda kanthu. Chithunzi chatsopano chikakhala pamalopo, chakalecho chapita basi.

Chotsani khadiyo msanga. Mukailowetsa pa kompyuta, Windows ikakuuzani kuti muchite format (kuifufuta kuti iyambirenso), kanani. Ikani pulogalamu yobweza mafayilo, Recuva kapena PhotoRec, pa kompyuta, osati pa khadipo, ndipo zomwe zapezeka muzisunge pa diski ina. PhotoRec ndi yaulere, kungoti imabweza mafayilo opanda mayina ake akale, ndiye mudzasankha chimodzichimodzi.

Koma ngati ndi hard drive (diski ya kompyuta yozungulira mkati), ikayamba kugogoda, izimitseni pomwepo. Pulogalamu iliyonse ingoonjezera kukanda. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri otsegulira m'chipinda chopanda fumbi. Koma wolonjeza kubweza zonse za pa SSD (diski yamakono yopanda zozungulira mkati), kapena pa foni ya Android yochitidwa factory reset, musamupatse ndalama asanakuonetseni mafayilowo. Pa SSD, njira yoyeretsera malo yotchedwa TRIM imafufutiratu mafayilo, ndipo mafoni amakono amatseka deta ndi kiyi yemwe amatayika pochita reset.