Bokosi la mawu a sayansi: gawo la hemi- ndi semi- lafika pati

M'bokosi la makhadi omasulira mawu a sayansi m'Chichewa, makhadi a gawo la "theka" tsopano asanjidwa kachiwiri, chifukwa kasanjidwe koyamba kanali ndi vuto limodzi lalikulu. Pa khadi lililonse loyamba ndi hemi- kapena semi- panalembedwa "theka la" kenako tanthauzo la tsinde, ndipo pafupifupi makhadi awiri mwa atatu alionse anatuluka ndi Chichewa chosocheretsa. Khadi tsopano lili ndi mizere inayi: liwu lenileni, mphatikiri ndi tsinde zitalekanitsidwa, chilankhulo chomwe tsindelo linachokera, ndipo pomaliza yankho la funso lakuti "theka la chiyani?" Mzere wachinayiwu ndi umene ukudya nthawi, ndiponso ndi umene wapangitsa bokosili kukhala lothandiza.

Chiyambi cha aphatikiriwa sichivuta. Hemi- ndi Chigiriki, semi- ndi Chilatini, ndipo onse awiri ndi ana a kholo limodzi la zilankhulo za Indo-European. Agiriki akale ankasandutsa s woyambirira liwu kukhala h, pomwe Aroma anamusunga. Umboni uli pa manambala: 6 ndi hex m'Chigiriki koma sex m'Chilatini, 7 ndi hepta ndi septem. N'chimodzimodzinso hals ndi sal, kutanthauza mchere. Wachitatu, demi-, amamveka ngati m'bale wawo koma ndi mlendo: anadzera ku Chifalansa kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti dimidius, chinthu chogawidwa pakati. M'sayansi sapezeka kwambiri. Oimba ndiwo anawaphatikiza onse atatu mu hemidemisemiquaver, noti yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 64 a noti yathunthu, chifukwa yagawidwa pawiri katatu kuchokera pa gawo limodzi mwa 8.

Makhadi omwe theka lake ndi lenileni, loyezeka, ndi ochepa ndipo anatha msanga. Hemisphere ndi theka la mpira. Malawi yense ali m'theka lakumwera la dziko lapansi, pakati pa madigiri pafupifupi 9 ndi 17 kumwera kwa equator. Semi-major axis ndi theka la mzere wautali wodutsa pakati pa njira yozungulira yooneka ngati dzira. Ya dziko lathu pozungulira dzuwa ndi makilomita pafupifupi 149.6 miliyoni. Semiconservative ndi mmene DNA imadzikopera: chingwe chilichonse chatsopano chimakhala ndi ulusi umodzi wakale ndi umodzi watsopano, monga Matthew Meselson ndi Franklin Stahl anasonyezera mu 1958. Apa "theka" likukwana bwino.

Khadi la hemihydrate ndi limene lafuna malo ambiri kuseri kwake. Ufa woyera umene amawumbira chikhakha kuchipatala munthu akathyoka fupa, womwewonso amakongoletsera siling'i, ndi calcium sulphate hemihydrate, ndipo amaulemba CaSO4·½H2O. Wophunzira watcheru amafunsa msanga kuti kodi molekyu ya madzi angaidule pakati? Sangaidule. Theka likunena za chiwerengero: magawo awiri a calcium sulphate amagawana molekyu imodzi ya madzi. Mwala woyambira ndi gypsum, wokhala ndi mamolekyu awiri a madzi pa gawo lililonse. Ukautenthetsa pa madigiri pafupifupi 150 umataya magawo atatu mwa anayi a madziwo, kotero magalamu 100 a gypsum amatsala pafupifupi 84. Moto ukapitirira kwambiri madzi onse amachoka, ndipo chotsalacho, anhydrite, chimachedwa kugwira kapena osagwira n'komwe.

Kubwerera kwake kungayesedwe pa tebulo. Magalamu 100 a ufawu amangofuna magalamu pafupifupi 18.6 a madzi kuti abwerere kukhala gypsum, koma ndi madzi ochepa chonchi phala silingatheke, ndiye owumba amathira mamililita 60 mpaka 70. Madzi amayamba kulowa m'mbale, ufa n'kumawazidwa pamwamba pang'onopang'ono, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri kuti unyowe, kenako kutakasa modekha. Pasanathe theka la ola phalalo limalimba ndipo limafunda, chifukwa madzi akamalowanso m'makhiristo kutentha kumatuluka. Madzi owonjezera aja amauma m'masiku otsatira n'kusiya timibowo, n'chifukwa chake phala lamadzimadzi limabala chowumba chofewa chonyenyeka. Mbale yomwe muli zotsalira zouma za dzulo imafulumizitsa kugwira kwambiri, popeza tizidutswato timakhala ngati mbewu zomwe makhiristo atsopano amamerapo. Ufa wosungidwa pachinyezi umachita mibulu ndipo sulimba. Chenjezo lalembedwa ndi inki yofiira: dzanja kapena chala chisamizidwe m'phala lochuluka kudikira kuti ligwire, chifukwa limatentha mokwanira kuwotcha khungu pamene dzanjalo silingathenso kutuluka.

M'mawu a zachipatala hemi- nthawi zambiri amatanthauza "mbali imodzi", ndipo Chichewa chili kale ndi mawu ake. Hemiplegia ndi kufa ziwalo mbali imodzi ya thupi, hemiparesis ndi kufooka chabe kwa mbali imodzi. Pa makhadi awiriwa pawonjezedwa mfundo yakuti sitiroko ikagwira theka lakumanzere la ubongo, mbali imene imafa ndi yakumanja, chifukwa mitsempha yolamula minofu imadutsana mopingasa m'munsi mwa ubongo isanatsikire mumsana. Hemianopia inalembedwa molakwika poyamba ngati "khungu la diso limodzi". Munthu amakhala ndi maso onse awiri, koma theka la zimene akuyang'ana, lakumanzere kapena lakumanja, limasowa, kawirikawiri m'maso onse awiri nthawi imodzi. Hemizygous ndi kukhala ndi kope limodzi la jini m'malo mwa awiri, monga mmene mwamuna alili pa majini ambiri a pa chromosome X. Ichi n'chifukwa chake haemophilia, matenda a magazi osaundana msanga, ndi kuperewera kwa G6PD, enzaimu yoteteza maselo ofiira a magazi, zimaonekera kwambiri mwa amuna: palibe kope lachiwiri lophimba cholakwikacho.

Liwu lokoma kuposa onse m'gawoli labisa mphatikiri wake. Mutu waching'alang'ala, umene madokotala amati migraine, unayamba ngati hemikrania m'Chigiriki, "theka la chigaza", dzina limene Galen ankagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 100 AD pofotokoza mutu wowawa mbali imodzi. Podutsa m'Chilatini ndi m'Chifalansa, he- woyambirira anagwa, n'kutsala mi-. Khadi limeneli laikidwa pansi pa H ngakhale liwulo limayamba ndi M.

Gulu lalikulu kwambiri ndi limene theka silitanthauza theka konse, koma "pang'ono chabe", "mosakwanira" kapena "pakatikati". Chitsanzo chabwino chili m'munda wa chimanga. Kaufiti wa maluwa ofiira, Striga asiatica, ndi hemiparasite. Ali ndi masamba obiriwira ndipo amatha kudzipangira chakudya ndi dzuwa, koma mizu yake imalowa m'mizu ya chimanga kapena mapira kudzera m'kachiwalo kotchedwa haustorium n'kumayamwa madzi ndi zakudya. Kulemba kuti "theka la chomera choyamwa chinzake" kumapatsa mlimi chithunzi cholakwika, ngati kuti kuwononga kwake n'kwa theka. Zoona zake n'zakuti kaufiti amakhala masabata angapo pansi pa nthaka asanatulutse tsamba ngakhale limodzi, ndipo nthawi yonseyo amadalira chimanga pa chilichonse. Akamaonekera pamwamba, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala masauzande ambiri, zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo zimamera pokhapokha zitamva mankhwala otchedwa strigolactones ochokera m'mizu yapafupi. Pa khadi palembedwa kuti "chomera choyamwa chinzake koma chokhala ndi masamba obiriwira akeake". Mnzake wosiyana naye ndi holoparasite, monga Cuscuta, ulusi wachikasu wokulunga zomera umene umadalira mnzake pa zonse. Holo- ndi Chigiriki cha "chathunthu".

Awiriwa, hemi- ndi holo-, amakumananso pa tizilombo. Chiwala, dzombe ndi chiswe ndi hemimetabolous: dzira limaswa kamwana kofanana kale ndi wamkulu, kongosowa mapiko, ndipo kamakula mofundula. Gulugufe ndi holometabolous chifukwa amadutsa pa mbozi ndi pa chikwa.

Hemiptera, "theka la phiko", ndi dzina la gulu la tizilombo limene Carl Linnaeus anagwiritsa ntchito mu 1758. Kuti dzinali limveke pamafunika kugwira nkhunguni n'kutambasula phiko lake lakutsogolo: kufupi ndi thupi ndi lolimba ngati chikopa, kunsonga ndi lopyapyala loonekera. Koma m'gulu lomweli muli nyenje, yomwe mapiko ake ndi opyapyala onse, muli nsabwe za m'masamba, kodikodi wa pachinangwa, ndi nsikidzi imene inangotsala ndi tizipsera ta mapiko. Chimene chimawagwirizanitsa onse si phiko koma mlomo wonga singano wobaya ndi kuyamwa. Wofuna kuzindikira kachilombo ka gululi atembenuze kagone chagada n'kuyang'ana mlomo wopindikira pansi pa chifuwa. Akadalira mapiko adzaphonya ambiri.

Semi- m'gulu lija la "pang'ono chabe" ndi wosavuta. Semiconductor ngati silicon ya m'masola sadutsa theka la magetsi a kopa; ili pakati pa zodutsa magetsi ndi zosadutsa, ndipo kusiyana kwake ndi kopa n'kwakukulu kwambiri, osati kwa magawo awiri. Semipermeable ndi khungu lodutsa madzi koma lotsekereza zina zosungunuka. Semi-arid ikukwana pa Chikwawa ndi Nsanje. Ngakhale semicircular canals, timachubu titatu ta m'khutu lililonse tothandiza munthu kuima osagwa, timapinda pafupifupi magawo awiri mwa atatu a bwalo, kuposa theka.

Pali mayina ena omwe anasunga maganizo amene sayansi inawasiya kalekale. Ernst Schulze anapeka liwu lakuti hemicellulose mu 1891, ndipo panthawiyo zinthuzi ankaziona ngati cellulose wosamalizika. Si choncho. Cellulose ndi unyolo wautali wowongoka wa glucose yekha, pomwe hemicellulose ndi maunyolo aafupi, anthambi, a mashuga osiyanasiyana monga xylose, ndipo ndi wochuluka m'zitsononkho ndi m'mapesi. Hemichordata, dzina la William Bateson la 1885 la nyongolotsi zina za m'nyanja yamchere, linachokera pa kachiwalo kamene ankaganiza kuti ndi notochord yaifupi, kandodo kochirikiza thupi kumsana. Lero kachiwaloka sikakutengedwanso choncho, koma dzina linakhala. Makhadi otere apatsidwa kadontho pakona, kusonyeza kuti kumasulira zigawo za liwu kungamuphunzitse munthu cholakwika.

Ntchito yotopetsa inali kuchotsa olowerera. M'kalembedwe ka ku America haima, liwu la Chigiriki la magazi, amalilemba hem-, choncho hemoglobin, hematite ndi hemorrhage zimagona pafupi ndi hemi- mu mtanthauziramawu. Hemin amayamba ndi zilembo zonse zinayi koma ndi wa magazi. Njira yoyesera ndi kufufuza kalembedwe ka ku Britain: ngati liwu lingalembedwe ndi haem-, ndi la magazi, la theka silikhala ndi a. Ku mbali ya Chilatini, seminar ndi seminary zinachokera ku semen, mbewu, ndipo semiotics ndi ya liwu la Chigiriki la chizindikiro. Semester ndiye msampha weniweni, chifukwa tanthauzo lake likugwirizana ndi theka la chaka, koma chiyambi chake ndi sex ndi mensis, miyezi 6.

M'malo mwa ochotsedwawa mwalowa sesqui-, amene ndi semis ndi -que, "ndi theka", kutanthauza chimodzi ndi theka. Dzimbiri lofiira, Fe2O3, kale ankalitcha sesquioxide chifukwa atomu iliyonse ya chitsulo imapeza atomu imodzi ndi theka ya okosijeni. Pa mafuta a zomera, monoterpene ili ndi maatomu 10 a kaboni, ndiye sesquiterpene ili ndi 15. Artemisinin wochokera ku chomera cha Artemisia annua ali m'gulu limeneli, ndipo artemether wa mu mankhwala a malungo a LA ndi semi-synthetic, kutanthauza kuti chomera chimapanga molekyu yoyambira ndipo fakitale imangosintha mbali ina.

Makhadi otsala kuti gawoli litsekedwe ndi atatu. Hemiacetal akufuna chojambula cha mphete ya glucose kuseri kwake, chifukwa mawu okha sakuonetsa kuti molekyu ya alcohol yalowa kamodzi pamene mu acetal imalowa kawiri. Semilunar akufuna chithunzi cha timatumba titatu tooneka ngati mwezi wa theka pa khomo la aorta. Hemidactylus, nalimata wa pakhoma, akudikira galasi lokulitsa kuti timizere ta pansi pa chala chake, togawika pawiri, tijambulidwe kuchokera pa nalimata weniweni.