Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Masiku Oyamba Nditabwerako ku Joni

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene basi yochokera ku Johannesburg inatitula pa Wenela ku Blantyre titatha masiku awiri panjira. Tinachezera pamzere ku Beitbridge, tinadutsa Harare ndi Nyamapanda, tinaoloka Zambezi ku Tete, ndipo pofika pachipata cha Mwanza n'kuti mapazi anga atatupa moti nsapato zinakana kulowa. Kwathu ku Chinamwali, ku Zomba, ndinafika nditavala patapata.

Usiku tulo tinkandithawa, chifukwa m'makutu munkalirabe injini ya basi, komanso panali nkhani imene inkandidya mumtima. Abale ankabwera kudzandilonjera maso ali pachikwama, pamene ine ndinkadziwa kuti ndalama zimene ndinasunga pa zaka 4 zinathera m'miyezi imene ndinakhala pa ulova. Tsiku lachitatu amayi anandiuza kuti, "Mwanangu, kutupako sikungaphwe ukamangogona, pita ukawongole miyendo."

Ndinanyamuka m'mamawa kulowera m'tauni, ndikukana akabaza onse amene ankandiimira. Ndisanafike n'komwe pamlatho wa Mulunguzi, ndinazindikira kuti ndinkayenda ngati mmene ndinkayendera ku Joni, mwandawala, foni nditaibisa m'kati mwa malaya, ndikucheukacheuka. Agogo ena amene anasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri atandipatsa moni wakuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" ndinadzidzimuka ngati andigwira paphewa, ndipo ndinayankha iwo atadutsa kale. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, pakuti ndinaleredwa pakhomo pamene kudutsa wamkulu osamulonjera unali mlandu.

Kuyambira pamenepo ndinachepetsa liwiro mwadala. Ndinakwera pang'onopang'ono mpaka ku nyumba yakale ya malamulo, kumene aphungu ankakumanabe ngakhale likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kenako ndinatsikira kumtsinje n'kuviika mapazi m'madzi ozizira ochokera kuphiri. Ndimakhulupirira kuti maganizo amene amazungulira malo amodzi munthu akakhala m'nyumba amayamba kutsatana bwino miyendo ikamayenda, chifukwa panjira imeneyo ndi pamene ndinatha kuwerengera zimene ndinataya ndi zimene ndinabwera nazo: luso la kuwotcherera zitsulo, thanzi labwino, ndi ndalama zochepa zoti n'kuyambira kagulidwe ka zipangizo.

Ndinayenda chotero m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu, ndikubwereza chamumtima mawu oti ndikawauze amayi. Tsiku lomaliza ndinakumananso ndi agogo aja, ndipo ndinayamba ndine kuwalonjera. Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusola mtedza pakhonde, ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuwafotokozera zonse popanda kubisa. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandikankhira lichero kuti tisolere limodzi.