Dothi lathu lero linamwa mpweya, kenako linaubweza

Lachitatu. M'mawa wonse ndinali mu labu ndi dothi lomwe tinakumba pansi pa mitengo sabata yatha. Timaliika m'botolo lagalasi lotseka bwino, mpweya umalowera kapaipi kena n'kutulukira kena, ndipo makina amatiuza ngati mpweya wotchedwa carbonyl sulfide wachepa potuluka. Pa mipweya yonse yokhala ndi sulufule, umenewu ndi umene ulipo wambiri mumlengalenga, ngakhale kuti ndi magawo pafupifupi 500 okha pa thiliyoni iliyonse. Umachokera m'nyanja zikuluzikulu, m'moto wolusa, m'malasha oyaka ndi m'mafakitale opanga ulusi wa rayon.

Dothi louma gwa silinasinthe kanthu. Nditalidonthezera madzi pang'onopang'ono mpaka linada n'kuyamba kugwirana pakati pa zala, mzere wa pakompyuta unayamba kutsika. Mtima wanga unachita kudumpha. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi, makamaka mafangasi, tili ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo) yotchedwa carbonic anhydrase. Ntchito yake yeniyeni ndi yokhudza carbon dioxide, koma carbonyl sulfide amafanana naye kwambiri kapangidwe, moti enzymeyo imamugwira, kumuphatikiza ndi madzi, n'kutulutsa carbon dioxide ndi hydrogen sulfide. Wasayansi Jürgen Kesselmeier ndi anzake ku Mainz, m'dziko la Germany, anaonetsa mu 1999 kuti ukathira mankhwala oletsa enzyme imeneyi, dothi limachepetsa kumwa mpweyawu.

Mtsikana amene tikumuphunzitsa ntchito anandifunsa kuti, "Achemwali, bwanji tingothira madzi ambiri kuti limwe kwambiri?" Ndinati ayese yekha m'botolo lina. Dothi litasanduka matope, kumwa kuja kunabwerera m'mbuyo. Madzi atseka timipata tonse, ndipo mpweya umayenda m'madzi pang'onopang'ono kuwirikiza pafupifupi 10,000 poyerekeza ndi pamtetete. Tizilombo tilipo, tili ndi moyo, koma mpweya sukutifika.

Masana tinatenthetsa botolo la dothi louma losakanizika ndi zinyalala za masamba. Apa ndiye zinatembenuka: mpweya wotuluka unali ndi carbonyl sulfide wochuluka kuposa wolowa. Dothi lotentha limatha kutulutsa, madambo odzaza madzi nawonso amatulutsa.

Mbali imeneyi ndi imene imandidetsa nkhawa. Masamba a zomera amamwa carbon dioxide masana koma zomerazo zimamutulutsanso popuma, choncho n'zovuta kudziwa kuti nkhalango yonse yamwa wochuluka bwanji. Carbonyl sulfide amalowera timabowo tomwetomweto ta pa tsamba, ndipo akalowa nthawi zambiri sabwerera. N'chifukwa chake akatswiri amamugwiritsa ntchito poyeza mmene zomera zikupangira chakudya. Koma ngati dothi la pansi pa mitengoyo likumwa nawo m'nyengo yachinyezi, n'kumatulutsa kukatentha, woyeza amene waliiwala adzapatsa masamba ntchito yomwe sanagwire, kapena kuwalanda yomwe agwira. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amathamangira kuyang'ana m'mwamba mwa mitengo, za pansi pa mapazi n'kuzisiya.

Mpweya wa carbonyl sulfide umene sunamwedwe ndi masamba kapena dothi, wina umakwera mpaka ku stratosphere, gawo la m'mwamba kwambiri la mlengalenga, n'kusanduka timadontho ta sulphate, monga wasayansi Paul Crutzen anafotokozera mu 1976.

Madzulo ndinatsuka mabotolo ndi kusintha timapaipi, chifukwa labala wina amatulutsa yekha mipweya ya sulufule n'kusokoneza zotsatira. Mawa tiphika dothi lina mu autoclave, makina otenthetsa zinthu ndi nthunzi, kuti tizilombo tonse tife, tione ngati lidzamwebe.