Lachinayi: Mphakati Unathera pa Sikelo

Mphakati wa lero unayamba cha m'ma 2 koloko masana, anthu akuchokera kokolola soya, ena fumbi lidakali kumapazi. Mawu anali a pa Yohane 14:15: "Ngati mukonda Ine, sungani malamulo anga." Wotsogolera anawonjezapo 1 Yohane 5:3, pamene pakunena kuti kukonda Mulungu ndi kusunga malamulo ake, ndipo malamulowo si olemetsa. Onse anavomera ndi ameni. Zinavuta pamene mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Abusa kulibe, tiuzane zoona. Nanga sikelo zomwe ana athu akugulira soya pamsikapa, Mulungu amaziona?"

Panakhala chete, chifukwa mwa anthu amene anali pamkekapo ena ndi mavenda, ena ndi alimi owagulitsa.

Baibulo silizungulira pa nkhaniyi. Deuteronomo 25:13-15 amaletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga umamunyansa Yehova. Amosi 8:5-6 amafika potchula amalonda amene ankaona ngati Sabata likuchedwa kutha kuti akayambirenso kubera anthu, mpaka kugulitsa ndi zinyalala za tirigu zomwe. Anali anthu opemphera amenewo, ndipo mpamene pakuwawa.

Mkulu wina anakatenga sikelo yake yopachika, naimangirira pa nthambi ya mango kuti onse aone. Choyamba n'kuyang'ana muvi pasanapachikidwe kanthu: uyenera kuloza pa ziro ndendende. Sikelo zambiri zotere zili ndi kachitsulo kopotokola kosunthira muviwo, ndipo wakuba amaubweza m'mbuyo makilo awiri, mlimi osazindikira chifukwa amafika thumba lili kale m'mwamba. Chachiwiri n'kuyesa ndi chinthu chodziwika kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chodzaza mpaka pamzere chiyenera kuonetsa makilo 20 ndi kakulemera ka chigubucho pamwamba. Paketi ya shuga yosatsegula imathandiza pa sikelo zing'onozing'ono, koma pa yaikulu yesani ndi katundu wolemera, poti sipuling'i yowonongeka imanama kwambiri kumtundako. Sikelo ya malonda imayeneranso kupimidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Makilo awiri amaoneka ochepa, komatu pa matumba 25 a makilo 50 ndiye kuti thumba lathunthu lapita.

Nkhani ya ndowa inatenga nthawi. Ndowa ya malita 20 si makilo 20; chimanga chouma chofika pamlomo chimakhala pafupifupi makilo 15, chosefukira chimaposa pamenepo. Ogula ena amafewetsa ndowa ya pulasitiki ndi madzi otentha n'kuikulitsa mimba, ogulitsa ena amaphwanyira pansi pa chigoba m'kati kuti chisadye zambiri. Apa anagwirizana kuti ndowa imene wagulira ikhale yomweyo yogulitsira, ndipo zoti muyeso ndi wosefukira kapena wofika pamlomo zinenedwe malonda asanayambe.

Alimi asaseke. Nawonso anauzidwa zawo: kuwaza madzi mtedza usiku kuti ulemere, kuthira mchenga pakati pa thumba la soya, kuika chimanga chofumbwa pansi chabwino pamwamba. Kunyowetsa mtedza n'koipa kawiri, chifukwa kumabweretsa chuku, ndipo chukucho chimakadwalitsa mwana wa munthu amene sanalakwe kanthu. Wofuna kudziwa ngati mbewu yauma aike pang'ono m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi mchere wouma, atseke, akhutchumule, n'kudikira kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, mbewuyo ibwerere padzuwa.

Za aganyu sizinachedwe, poti Levitiko 19:13 ndi Yakobo 5:4 n'zomveka: malipiro a wantchito asagone kwa iwe. Woti "ubwere mawa" ali ndi ndalama m'thumba waphwanya lamulo, ngakhale ataimba kwaya Lamulungu.

Funso lomaliza linali la mnyamata wina: "Agogo, nanga amene anabera kale atani?" Ena anati kulapa basi. Koma Levitiko 6:1-5 amati wonyenga mnzake abweze chinthucho n'kuwonjezapo limodzi la magawo asanu, ndiye kuti wobera makilo 10 abweze 12. Zakeyu, pa Luka 19:8, analonjeza kubweza kanayi. Kunena zoona, apa ndi pamene ameni anachepa kwambiri.

Anatseka ndi pemphero dzuwa litapendeka. Agwirizana kuti Loweruka m'mawa aliyense amene ali ndi sikelo kapena ndowa yamalonda abwere nayo pabwalo la tchalitchi, ndipo amayi awiri adzabweretsa zigubu za malita 20 ndi 5 zoyesera.