Mpira wopanda golo

Dzulo usiku mwana wa mlongo wanga anandikhazika pansi kuno ku Kapata kuti tionere baseball pafoni yake. Ine n'kufunsa, "Nanga golo ili kuti?" Iye kuseka mpaka misozi. "Amalume, kulibe golo!" Akuti womenya mpira ndi ndodo akaphonya katatu watuluka. Akatuluka atatu, matimu amasinthana, omenya aja amapita kukawakha. Timu iliyonse imamenya maulendo 9.

Koma kawerengedwe ka zigoli n'kankhanza, abale. Kumenya kokha sikupatsa kanthu. Uthamange, uponde malo atatu oikidwa pabwalo otchedwa mabesi, ubwerere pomwe unayambira, ndiye chigoli chimodzi. Mnyamata wina anafika pa besi yachitatu, kwangotsala pang'ono, mnzake wachitatu n'kutuluka. Thukuta lonse lija pachabe! Ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anadzuka.