Tsiku lomwe alamu anga anasanduka mandasi

Ana anga amakonda kakatuni kena kakale ka Bugs Bunny, kalulu wa ku America uja, kotchedwa Wackiki Wabbit. Anakapanga a Warner Bros. mu 1943, wotsogolera ntchito anali Chuck Jones. Muli amuna awiri, wina wamtali wowonda, wina wamfupi wonenepa, akuyandama panyanja pa timatabwa, njala itawakola mpaka aliyense akayang'ana mnzake akuona chakudya. Afika pachilumba, apeza kalulu, akufuna kumuphika. Koma kalulu ndi kalulu, kaya wa m'nthano za agogo kaya wa ku America. Sitima itabwera kudzawapulumutsa, wokwera ndi iyeyo, eniake atsala pamchenga akumubayibitsa mosangalala. Pozindikira, ayambanso kuthamangitsana, wina akuoneka ngati hot dog, mnzake hamburger.

Ine ndinkawauza anawo kuti zimenezo n'zabodza, munthu wa nzeru zake sangaone mnzake ngati ndiwo.

Mu Julayi tinapita ku Cape Maclear ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Alamuwo ndi munthu wathupi, ine ndine uja amati mphepo ikawomba gwirani mtengo. Amayi ndi ana anatsala kugombe ku Chembe, ife tinachita hayala boti kupita ku chilumba cha Thumbi, chomwe chimaoneka pafupi ngati ungafikeko ndi mwala. Tinatenga buledi mmodzi ndi nsomba zitatu. Mnyamata wa boti anatitsitsa pamiyala cha m'ma 9, n'kunena kuti akukatenga alendo ena, abwera pakatha ola limodzi.

"Osadandaula mabwana, ndine pompano."

Nambala yake sitinatenge. Tinkaona ngati n'zachibwana, mudzi ukuoneka apo.

Bulediyo tinamupereka kwa mbuna. Ukangonyenyera m'madzi zimabwera gulu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, kumakujompha zala. Alamu anasangalala ngati mwana, mpaka anakutumulira m'madzi nyenyeswa za m'pepala. Nsomba zija tinaponyera nkhwazi. Alamu amaimba likhweru, kuponya, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo, kutola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Tinaombera m'manja katatu konse. Pofika 10 koloko tinali titadyetsa chilumba chonse kupatula ife eni.

Ndiye mwera unayamba. Nyanja inasintha nkhope, mafunde akumenya miyala, boti ngakhale limodzi osaoneka. Ndinaimbira mayi a kunyumba. Iwo anangofunsa kuti, "Si munatenga buledi inu?" Nditafotokoza, ndinamva akuitana ana kuti adzamve nawo.

Cha m'ma 1 alamu anati tigwire mbuna. Ndinawakumbutsa kuti muno ndi m'paki, kuwedza pafupi ndi zilumbazi n'koletsedwa. Iwo anati lamulo limanena za mbedza ndi ukonde, osati malaya. Analowa m'madzi ndi malaya awo a ku tchalitchi atawatambasula. Mbuna zomwe zija zinadya buledi wathu zinkangowazungulira miyendo. Anatuluka ndi mwala umodzi ndi bondo losupuka.

Cha m'ma 3 m'pamene zinandichitikira. Alamu anakhala pamwala atavula malaya kuti aume, dzuwa litawawamba, thukuta likunyezimira pamimba. Ndinawayang'ana, ndipo ndikulumbira, ndinaona mandasi. Osati tija ta masiku ano tochepa ngati dzira, koma aja akale a pa depoti, ofiirira bwino, ongowulidwa kumene m'mafuta. Mpaka fungo ndinalimva.

"Alamu, mukundiyang'ana bwanji choncho?"

"Palibe alamu, ndikungoganiza za ana."

Anasuntha n'kukakhala pamwala wina.

Mphepo itayamba kuzizira, kunadutsa boti lina lodzaza azungu. Tinakuwa, tinadumpha, alamu akuzunguza malaya onyowa aja m'mwamba. Azunguwo anakondwa kwambiri. Anatibayibitsa onse, ena kutijambula, boti n'kukhota kubwerera ku Chembe. Choipa n'chakuti dzanja langa, losazolowera mwano, linabayibitsanso.

Mnyamata wathu anafika dzuwa litapendeka, akukukuta chimanga chootcha. Anati mwera unamutsekera kugombe, ndipo mwina sananame. Alamu sanamukalipire. Anangomulanda chitsononkho chomwe chinatsala ndi mizere iwiri, n'kundigawira umodzi.

Usiku tikudya nsima ya kampango, ana akufa ndi phwete, ndinaulula za mandasi zija. Ndinkayembekeza kuti alamu akhumudwa. Iwo anameza mbamu yawo bwinobwino, n'kupukuta pakamwa.

"Inenso ndinakuonanitu alamu. Bonya. Kamodzi, kouma. Ndinawerengera kuti moto wokuotcherani ungondithera machesi, ndiye ndinakusiyani."