Maluwa apirira dzuwa la Okutobala, phwando la Tsiku la Anakubala latheka

Abale okonda maluwa, ndabwera ndi nkhani yabwino. Phwando la m'gadeni lomwe ndakhala ndikukonzekera lija lachitika pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, kuno ku Zomba, ndipo maluwa a patebulo anaima chilili kuyambira m'mawa mpaka alendo kutsanzika madzulo. Amene munayesapo kudula maluwa mwezi uno mukudziwa kuti si zocheza, kutentha kumadutsa madigiri 30 masana, duwa ukalidula 7 koloko pofika 11 lazolika kale mutu.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi chomwechi, kufota. Ma zinnia ndinafesa kumayambiriro kwa Ogasiti chifukwa amatenga miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono kuti ayambe kumasula, ndinaika manyowa a nkhuku owolerana bwino, kuthirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo ngakhale masiku amene mpope unali phwaa, ndipo pabedi anakongola zedi, ofiira, apinki, achikasu. Koma ndikadula oyeserera kuika m'botolo, khosi limapindika tsiku lomwelo. Ndinasintha madzi, ndinasintha mabotolo, kuwachotsa pawindo kuwaika kukhonde, chimodzimodzi. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa mayi anga ndi apongozi ndinali nditawauza kale kuti maluwa onse akhala a pakhomo pano, ogula ayi.

Nkhani inali kukhwima kwa tsinde. Zinnia akangomasula amaoneka ngati wakonzeka koma kakhosi kake kamakhala kanthete, ndiye umagwira tsinde cha m'munsi pang'ono, mwina masentimita 20 kuchokera pa duwa, n'kuligwedeza. Mutu ukamayenda lendelende musiyeni ameneyo adikire, ukakhala nganganga dulani. Kungoyamba kusankha motero zinthu zinasintha. Kenako ndinayamba kudula mbandakucha dzuwa lisanatuluke, ndowa ya madzi ili pambali kuti duwa likangodulidwa lilowe m'madzi pompo, masamba onse am'munsi kuwapulula chifukwa akamira amawola n'kuipitsa madzi, tsinde kulidulanso mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, sizasi yobuntha imafinya njira za madzi. M'madzimo pa lita imodzi ndimaika supuni yaing'ono ya shuga, madzi a mandimu masupuni awiri aang'ono ndi timadontho ta Jik, shuga ndi chakudya, ndimu imathandiza madzi kukwera, Jik imapha tizilombo. Musachulutse Jik chonde.

Chimene ndakondwera nacho koposa ndi mtsuko. Mtsuko wadothi womwe timasungira madzi akumwa uja umazizira wokha chifukwa madzi amatuluka thukuta kunja n'kumauma, ndiye usiku wa pa 14 maluwa onse anagona m'mitsuko iwiri kuchipinda chamdima, m'mawa anali gwa! Firiji sindinaiwerengere n'komwe, magetsi ake awa, komanso zinnia sakonda kuzizira kwambiri. Ndipo musaike maluwa pafupi ndi nthochi zakupsa, zimatulutsa mpweya wina umene umakalambitsa maluwa msanga, mbale ya zipatso ndinaipatsa tebulo lakelake kutali.

Bougainvillea yekha ndiye anandikana mpaka mapeto, ndinayesa kuviika kumapeto kwa tsinde m'madzi owira kwa kamphindi monga ena amachitira ndi mitengo yolimba, anapirira pang'ono koma timasamba take tautoto tija timayoyokabe. Ndinangomusiya pampanda pomwe ali n'kusunthira matebulo kufupi naye, zinakhala bwino kuposa kumudula. Frangipani ndinatola amene agwa okha m'mawa n'kuwayandamitsa m'mabeseni a madzi pakati pa tebulo, fungo lake azimayi analikonda kwambiri, kungoti utomoni wake woyera uja umayabwa, ana asamauseweretse.

Mbande za marigold ndinagula kwa bambo wina amene amagulitsa maluwa a m'machubu m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre, ndimamudalira chifukwa amakuuza chilungamo kuti iyi yazika iyi ndaokera dzulo, anthu otero ndi osowa. Mavazi awiri abwino ndi aja ndinagula ku Dedza Pottery kalekale, ena onse anali mabotolo a Sobo ndi a jamu okulungidwa ndi tizidutswa ta chitenje. Matebulo ndinayala zitenje zamaluwa ndipo alendo ndinawapempha kuti aliyense avale chamaluwa, agogo anabwera ndi duku lawo la maluwa a mpendadzuwa, nsalu yakale koma yosungidwa bwino, ndinagwetsa misozi nditawaona. Chakumwa chinali juwisi wa chidede, wofiira uja, poti nayenso ndi wa banja la hibiscus anagwirizana ndi mutu wa tsikulo, kuphatikiza thobwa ndi wa malambe, zitumbuwa, chigumu ndi nkhuku yootcha.

Pansi pa jacaranda ndi pokongola mwezi uno koma maluwa ake amagwera m'makapu, njuchi zimadzaza pansi ndipo akapondedwa amaterera, choncho okalamba ndinawakhazika pansi pa mango, mikeka ya ana ndiyo inali cha ku jacaranda. Kamvuluvulu anadutsa kamodzi masana n'kugwetsa mabotolo angapo opepuka, ulendo wina ndidzaika timiyala pansi pake. Chizimalupsa chomwe ndimachiopa sichinabwere.

Pano ndasiya ma zinnia ena aume pamtengo kuti nditole mbewu, amene mukufuna tigawana. M'mutu mwanga muli kale phwando lina la Disembala, flamboyant yofiira ija ikadzakhala ikadalipo, ndikufuna ndimange chipata cha nsungwi chokwera maluwa kuchokera pageti mpaka kukhonde, ndiyesenso ma dahlia ndi ma rozi odula ngakhale chiswe cha pano sichigona. Mvula ikayamba sindikudziwa kuti tidzakhala pati anthu onsewo, mwina tenti, mwina ndimange chisakasa chaudzu, tiona.